Ndani amagwidwa chinthenthe Lamlungu? Mkangano wa gofu womwe suzizira

Mpikisano wa Masters umatha cha m'ma 1 koloko usiku pa nthawi ya kuno ku Harare, ndiye Lolemba lake anthu amafika pa bwalo la gofu maso ali psuu. Ku Royal Harare kapena ku Chapman, mukakhala pansi pa mtengo pomwe ma-caddie, onyamula ndodo aja, amadikirira osewera, mumvako Chichewa cha anzathu ochokera ku Mabvuku, Tafara ndi Mufakose, ndipo nkhani yake imakhala ya amene wataya chikho chili m'manja. Wopambana amangotchulidwa podutsa. Wina amati palibe woposa Greg Norman pa kunjenjemera. Wina amati Rory McIlroy. Wachitatu amakumbutsa za Mfalansa uja anavula nsapato n'kulowa m'madzi. Mkanganowu sufika kumapeto chifukwa mawu amodzi oti "wanjenjemera" tikuwasenzetsa zinthu zitatu zosiyana, ndipo tikazilekanitsa, mayina ena amachoka pa mndandanda, ena amatsala.

Kwa amene gofu sanaizolowere: mipikisano ikuluikulu ya amuna ilipo inayi pa chaka. Masters imachitika mu Epulo pa bwalo limodzi lomwelo la Augusta National, PGA Championship mu Meyi, US Open mu Juni, ndipo The Open ya ku Britain mu Julayi. Uliwonse ndi wa masiku anayi, maenje 18 pa tsiku, onse pamodzi 72, ndipo wopambana ndi amene wamenya mashoti ochepa. Dzenje lililonse lili ndi par yake, kutanthauza mashoti amene katswiri akuyembekezeka kumenya: 3, 4 kapena 5. Kuchepetsapo imodzi ndi birdie, ziwiri ndi eagle; kuonjezapo imodzi ndi bogey, ziwiri ndi double bogey, zitatu ndi triple bogey. Akafanana pamwamba amapita ku playoff, maenje oonjezera opezera wopambana. Chimene chimapangitsa gofu kukhala yankhanza n'chakuti mpira suyenda mpaka iwe mwini uumenye. Pa maola anayi kapena asanu a raundi, nthawi yogwedeza ndodo ikaphatikizidwa ndi timphindi towerengeka. Nthawi yotsalayo munthu amayenda ndi maganizo ake.

Zinthu zitatuzo ndi izi. Pali kugwidwa chinthenthe kwenikweni, pamene thupi likana kuchita zimene lachita kambirimbiri. Pali kulakwitsa chisankho, thupi lili bwino koma mutu wasankha ndodo kapena njira yolakwika. Ndiye pali kungogonjetsedwa: wasewera bwino, koma mnzako wasewera ngati wadyera, kapena mpira wadumphira koipa. Chachitatuchi anthu amachiiwala msanga chifukwa sichikoma kusimba.

Choyambacho chili ndi zizindikiro zake. Mantha akabwera thupi limatulutsa adrenaline, mtima umathamanga, mpweya umakhala wapachifuwa, ndipo zala zimafinya chigwiriro cha ndodo. Kufinyako kumaumitsa mikono, ndipo mikono youma siilola kuti mutu wa ndodo utembenuke pa nthawi yake. Kwa wosewera wa dzanja lamanja, nkhope ya ndodo imafika pa mpira ili yotseguka, mpira n'kuthawira kumanja. Ena thupi limaima, manja okha n'kupitiriza, ndiye mpira umakhotera kumanzere. Palinso phuma: ndodo isanamalize kukwera, munthu wayamba kale kuitsitsa. Adrenaline yemweyo amaonjeza mphamvu, moti ndodo ya 8-iron (pa ma-iron, nambala ikakwera mtunda umachepa) yomwe imapita mamita 150 tsiku wamba ikhoza kupitirira ndi mamita angapo, ndipo caddie wanzeru amapereka ndodo yocheperapo pa maenje omaliza. Pa mashoti aafupi zimatembenuka: munthu amaopa kupitirira, amachepetsa liwiro la ndodo pafupi ndi mpira, n'kukumba nthaka mpira usanakhudzidwe.

Kulakwitsa kofunika kuti zinthu zionongeke n'kochepa modabwitsa. Dzenje ndi lotambalala mamilimita 108. Pa putt ya mamita atatu (putt ndi shoti yogubuduza mpira pa green, kapinga wosalala wozungulira dzenje), nkhope ya ndodo yake, putter, ikapotoka ndi digiri imodzi yokha, mpira umafika utapatuka masentimita asanu, kutanthauza m'mphepete mwenimweni mwa dzenje. Pa driver, ndodo yomenyera kutali kwambiri, digiri imodzi pa mtunda wa mamita 270 ndi pafupifupi mamita asanu, tisanawerengere kukhota kwa mpira mumlengalenga komwe kumaonjezera. Madigiri atatu ndiye kuti muli m'mitengo. N'chifukwa chake katswiri akagwidwa chinthenthe, wa pa TV saona kusiyana kulikonse pa kagwedezedwe ka ndodo, amangoona mpira uli m'madzi. Komanso tisamaweruze putt iliyonse yophonyedwa ngati mantha. Akatswiri a PGA Tour amalowetsa pafupifupi theka chabe la ma-putt a mamita awiri ndi theka. Wophonya ya mtunda umenewo pa dzenje la 72 wangoponya ndalama m'mwamba n'kugwera mbali ina. Wophonya ya masentimita 70 ndiye tikambirane.

Za m'mutu, akatswiri a maganizo anachitapo kafukufuku pogwiritsa ntchito putt yomweyi. Rich Masters mu 1992, ndiponso Sian Beilock ndi Thomas Carr mu 2001, anaonetsa kuti luso lomwe thupi linalizolowera limasokonekera munthu akayamba kulilondalonda, kuganizira dzanja, chigongono, mwendo, chimodzichimodzi. Yesani kuganizira mmene mumapondera masitepe mukutsika, muona. Devin Pope ndi Maurice Schweitzer mu 2011 anasanthula ma-putt oposa 2.5 miliyoni a akatswiri n'kupeza kuti pa mtunda wofanana, putt ya par imalowa mochulukirapo kuposa ya birdie, ndipo za birdie zimakonda kuperewera. Munthu amaopa kutaya kuposa mmene amafunira kupeza. Wotsogola Lamlungu ndiye amene ali ndi chotaya, ndipo amayamba kusewera gofu yotchinjiriza yomwe siinamufikitse pamenepo.

Jordan Spieth ku Masters ya 2016 ndi chitsanzo chosavuta kuchiwerenga. Anamaliza maenje asanu ndi anayi oyamba ndi ma-birdie anayi otsatizana, akutsogola ndi mashoti 5. Bogey pa 10, bogey pa 11. Pa 12, kadzenje ka par 3 ka mamita 142 komwe kutsogolo kwake kuli kamtsinje ka Rae's Creek, 9-iron yake inathawira kumanja n'kugwera m'madzi. Ataponya mpira wina, anakumba nthaka, mpira n'kulowanso m'madzi. Analemba 7, chikho n'kupita kwa Danny Willett. Zonse ziwiri zomwe tafotokoza zili pamenepo, nkhope yotseguka ndi ndodo yochepetsedwa liwiro. Koma Spieth yemweyo chaka chotsatira ku Royal Birkdale anataya mpira kutali pa dzenje la 13, n'kukamenyera ku malo oyesererako, kenaka anachita birdie, eagle, birdie, birdie n'kutenga The Open. Tsiku limodzi silikwanira kum'patsa munthu dzina.

Kuti dzina limukhale munthu, pafunika kuti zichitike mobwerezabwereza, ndipo apa Greg Norman alibe pothawira. Anakhala nambala wani pa dziko lonse masabata 331. Anatsogola kapena kufanana pamwamba pambuyo pa maenje 54 m'mipikisano ikuluikulu kasanu ndi katatu, n'kupambanapo kamodzi. Yerekezani ndi Tiger Woods, amene pa maulendo 15 otere anapambana 14, kupatula PGA ya 2009 ku Hazeltine pomwe Y.E. Yang anamugwetsa. Mu 1986 mokha, Norman anatsogola Loweruka madzulo pa mipikisano yonse inayi, n'kutenga The Open ya ku Turnberry yokha. Analuzanso playoff pa uliwonse wa inayiyo: US Open ya 1984, Masters ya 1987, The Open ya 1989 ndi PGA ya 1993.

Omuikira kumbuyo amatchula tsoka, ndipo pena akunena zoona. Mu 1987 Larry Mize analowetsa chip, shoti yaifupi ya kunja kwa green, kuchokera mamita oposa 40 pa dzenje la 11 la Augusta mu playoff. Pamenepo Norman sanalakwe kanthu. Amatchulanso Bob Tway, amene analowetsa mpira kuchokera mumchenga pa dzenje lomaliza la PGA ya 1986 ku Inverness. Koma amaiwala kuti tsiku limenelo Norman anayamba akutsogola ndi 4 n'kumenya 76. Akanamenya 73, shoti ya Tway ikanangokhala yokongoletsa. Ndipo kuphonya kwake kunali ndi mbali imodzi. Pa US Open ya ku Winged Foot mu 1984, shoti yopita pa green yomaliza inathera kumanja kwa oonerera. Ku Augusta mu 1986, akufuna par kuti afanane ndi Jack Nicklaus, 4-iron yake inapitanso kumanja pakati pa anthu. Munthu amene pa driver anali wolunjika kuposa anzake ambiri, pa iron ya dzenje lomaliza miyendo inkatsogola, ndodo n'kutsalira.

Chimake chinali 1996. Anatsegula Masters ndi 63, ndipo Lamlungu anayamba ali patsogolo pa Nick Faldo ndi mashoti 6. Pa dzenje la 9, green yake ili pa chitunda, shoti inaperewera pang'ono mpira n'kubwerera pansi. Bogey pa 9, pa 10, pa 11. M'madzi pa 12, m'madzinso pa 16. Analemba 78, Faldo 67, ndipo anagonja ndi 5. Amene anaonera amakumbukira mmene ankachedwera pamwamba pa mpira, akugwiranso chigwiriro mobwereza, ngati munthu woiwala poyambira. Faldo sanachite zamatsenga. Ankangoika mpira mbali yabwino ya green iliyonse n'kumusiya mnzake adzione yekha. Chilungamo chimafuna tinenenso kuti Norman anamenya 64 tsiku lomaliza ku Royal St George's mu 1993 n'kutenga The Open yachiwiri, koma onani kuti tsiku limenelo anayamba ali kumbuyo, akuthamangitsa.

Jean van de Velde, Mfalansa uja, yemwe aliyense amathamangira kumutchula, kwa ine sayenera kukhala pa mndandandawu. Nkhani yake ya pa The Open ya ku Carnoustie mu 1999 ndi ya chisankho ndi tsoka. Anafika pa dzenje lomaliza, par 4, akutsogola ndi 3. Akanalemba 6 chikho chinali chake. Ndi mashoti asanu ndi limodzi m'thumba, njira yosavuta inali iron yapakati, wedge (ndodo ya mashoti aafupi), wedge ina, ma-putt awiri, n'kutsalabe ndi imodzi yapadera. Iye anatulutsa driver, mpira n'kupita kumanja koma mwamwayi unapewa khwawa la Barry Burn. Kenaka 2-iron. Apa anthu amamunyoza mopitirira, chifukwa mpira ukalowa m'malo okhala oonerera lamulo limalola kuuponya pena popanda chilango, ndipo ndi zimene akanapeza. Mpirawo unagunda kachitsulo n'kubwerera m'mbuyo kukagwera mu udzu wofika m'mawondo. Cholakwa chenicheni ndi shoti yachitatu: m'malo motulutsira mpira cham'mbali pa fairway, njira ya kapinga wometedwa bwino, anafuna kuuolotsa khwawa kuchokera mu udzu umenewo, ndipo unagwera m'madzi. Anavula nsapato, anayang'ana, anasintha maganizo, anaponya mpira ndi chilango, shoti yachisanu n'kugwera mumchenga. Koma putt ya pafupifupi mamita awiri yoti alowe mu playoff anailowetsa pakatikati. Manja onjenjemera sachita zimenezo. Paul Lawrie, amene anayamba tsikulo ali kumbuyo ndi mashoti 10, ndiye anapambana. Van de Velde sanakhalenso ndi mwayi wotero, choncho tilibe chachiwiri chofanizira. Linda madzi apite ndiye uziti ndadala.

Winged Foot mu 2006 inationetsa mitundu iwiriyi pa dzenje limodzi pasanathe ola. Phil Mickelson ankafuna par kuti apambane US Open. Driver yake inali ikuvuta tsiku lonse, komabe anaitulutsa, mpira n'kukagunda tenti ya alendo kumanzere. M'malo mobwerera pa fairway anafuna kuzungulira mtengo, n'kuugunda. Double bogey, ndipo iye mwini anadzitcha chitsiru pamaso pa atolankhani. Uko n'kudzidalira mopyola, khalidwe lomwelo lomwe linam'patsa mipikisano ikuluikulu 6. Wa chinthenthe tsikulo anali Colin Montgomerie. Anali pakati pa fairway, pa mtunda umene anapangirapo dzina lake. Podikira mnzake amene ankakambirana ndi oyang'anira malamulo, anasintha 6-iron n'kutenga 7-iron poganiza kuti adrenaline amuonjezera. Anamenya mokumba, mpira n'kuperewera kumanja mu udzu wautali, double bogey. Geoff Ogilvy anapambana atakhala kale pansi. Montgomerie anakhala pamwamba pa osewera onse a European Tour nyengo zisanu ndi zitatu, anathera pa nambala 2 kasanu m'mipikisano ikuluikulu, ndipo sanapatepo ngakhale umodzi. Chodabwitsa n'chakuti pa Ryder Cup, mpikisano wa matimu a Ulaya ndi America, pomwe phokoso ndi lalikulu zedi, sanagonjepo pa masewero a mmodzi ndi mmodzi. Kupanikizika sikofanana: kusewerera anzako n'kwina, kudzisewerera wekha n'kwina.

Dustin Johnson asanafike 2016 anali ndi mlandu wamphamvu. Pa US Open ya ku Pebble Beach mu 2010 anayamba Lamlungu akutsogola ndi 3, n'kutaya zonse pa maenje awiri, triple bogey pa 2 ndi double pa 3, akuthamanga ngati basi ikumusiya, analemba 82. Miyezi iwiri pambuyo pake pa PGA ya ku Whistling Straits anakhudzitsa ndodo pa mchenga wopondedwapondedwa ndi oonerera, osadziwa kuti ndi bunker, malo a mchenga momwe lamulo limaletsa zimenezo, chilango cha mashoti awiri n'kumuchotsa mu playoff, chikhalirecho chidziwitso cha lamulolo chinamatidwa m'chipinda chosinthira zovala. Mu 2011 ku Royal St George's, 2-iron kunja kwa malire pa dzenje la 14. Mu 2015 pa US Open ya ku Chambers Bay, ma-putt atatu kuchokera pa mamita osakwana anayi, imodzi ikanam'patsa chikho, awiri playoff. Kenaka anatenga US Open ya 2016 ku Oakmont akusewera maenje omaliza osadziwa ngati alangidwa kapena ayi pa mpira umene unasuntha pa green ya 5, ndipo mu 2020 anatenga Masters ndi 20 pansi pa par.

Wa m'badwo uno amene amatenthetsa mkangano ndi McIlroy. Mu 2011, ali ndi zaka 21, anayamba Lamlungu la Masters akutsogola ndi 4. Pa dzenje la 10 mpira unakhotera kumanzere, kugunda mtengo, n'kukathera pakati pa tinyumba tomwe oonera TV ambiri sankadziwa kuti tilipo. Triple bogey, kenaka ma-putt anayi pa 12, ndipo analemba 80. Charl Schwartzel wa ku South Africa anamaliza ndi ma-birdie anayi n'kupambana. Patangotha miyezi iwiri McIlroy anatenga US Open ndi mashoti 8, ndipo pofika 2014 anali ndi inayi. Kenaka zaka khumi ndi chimodzi za chilala.

Mkati mwa chilalacho muli masiku awiri amene anthu amawaphatikiza molakwika. Pa The Open ya ku St Andrews mu 2022 anafika pa green iliyonse pa mashoti oyenera, sanachite bogey, anamenya 70 ndi ma-putt 36, pomwe Cameron Smith anamenya 64. Uko n'kusamala kwa munthu amene ali ndi chotaya, kuphatikizapo kukumana ndi mnzake wotentha manja. Pa US Open ya ku Pinehurst mu 2024 ndi nkhani ina. Akutsogola, anachita bogey pa 15, anaphonya putt ya masentimita 76 pa 16, ndi ina ya kupitirira mita pang'ono pa 18. Nyengo yonseyo anali asanaphonyepo putt ya mkati mwa mafiti atatu, pa maulendo 496. Ya pa 18 inali yotsetsereka ndi yokhota, yovuta ndithu. Ya pa 16 ilibe chodzikhululukira. Bryson DeChambeau anapulumutsa par kuchokera mumchenga pa mtunda wa mamita 50, shoti yomwe akatswiri amaiopa kuposa zambiri, n'kupambana ndi imodzi.

Ndiye Masters ya 2025, yomwe mbali zonse ziwiri za mkangano zimaitenga ngati umboni wawo. Double bogey pa dzenje loyamba. Pa 13 anachita zanzeru, anaika mpira pafupi m'malo moolotsa madzi, kenaka ndi wedge m'manja, green yonse ili kumanzere, anaukankhira mu kamtsinje. Pa 15 anamenya 7-iron yokhota kuzungulira mitengo yomwe ochepa angayerekeze. Pa 18 wedge ina inagwera mumchenga, n'kuphonya putt yopambanira. Mu playoff ndi Justin Rose, pa dzenje lomwelo, anaika mpira pafupi n'kulowetsa birdie, kukhala munthu wachisanu ndi chimodzi kupata mipikisano yonse inayi, kutsatira Gene Sarazen, Ben Hogan, Gary Player, Nicklaus ndi Woods. Mukaonetsetsa, mashoti ovuta ndiwo ankamuyendera, ophweka ndiwo ankamugwetsa. Zikugwirizana ndi zija za kafukufuku: shoti yovuta imadzaza mutu wonse, yophweka imasiya malo oti maganizo alowe.

Chigamulo changa n'chakuti pakati pa akatswiri enieni, Norman ndiye woyamba, chifukwa cha kuchuluka kwa maulendo ndi kufanana kwa kaphonyedwe. Montgomerie ndi wachiwiri, pa mlandu wa mtundu wina, wosatha kumaliza. McIlroy ndi Johnson amanjenjemera poonekera, koma amadzuka, ndipo zikho zawo zikuwayankhira. Lee Westwood, amene anasewera mipikisano ikuluikulu yochuluka kuposa aliyense wosapambanapo, ali pakati: ku Augusta mu 2010 anamenya 71 yabwinobwino Mickelson n'kumupitirira ndi 67, koma ku Muirfield mu 2013 anataya mashoti awiri amene ankatsogola nawo ndi 75, ndipo ku Turnberry mu 2009 ma-putt atatu pa dzenje lomaliza anam'mana playoff. Louis Oosthuizen wakhalapo nambala 2 pa mipikisano yonse inayi, kawiri kudzera mu playoff, ndipo n'kovuta kuloza dzenje lomwe anakomokapo. Musaiwalenso kuti Nicklaus, mwini zikho 18, anathera pa nambala 2 maulendo 19. Mutu ukakula sulewa nkhonya: amene amathera pa nambala 40 sitimuona akunjenjemera chifukwa kamera siikhala pa iye.

Mtundu wa bwalo nawo umanamiza oweruza a kuno. Harare ili pamtunda wa pafupifupi mamita 1,500, mpweya ndi wopepuka, mpira umauluka kutali, ndipo kapinga wa kikuyu amaugwira ukangotera. Pa mabwalo a m'mphepete mwa nyanja ku Scotland nthaka ndi yolimba ngati msewu wa fumbi m'chilimwe, ndipo mpira umatera n'kupitiriza ulendo. Tom Watson mu 2009, ali ndi zaka 59, ankafuna par pa dzenje lomaliza ku Turnberry. 8-iron yake inalunjika mbendera, inatera pa green, n'kugudubuka mpaka kuseri. Pa kikuyu shoti imeneyo ikanaima. Putt yake yomaliza inali yofooka, zoona, koma chimene chinamufikitsa pamenepo si mantha. Chimodzimodzi Denis Watson, wobadwira mumzinda uno, amene anaperewera ndi shoti imodzi pa US Open ya 1985 ku Oakland Hills atalangidwa mashoti awiri tsiku loyamba chifukwa chodikira nthawi yopitirira kuti mpira wolendewera pakamwa pa dzenje ugwe. Wogwidwa njakata sabata imeneyo anali T.C. Chen, amene akutsogola ndi 4 anamenya mpira kawiri pa shoti imodzi n'kulemba 8 pa dzenje la 5.

Poonera Lamlungu usiku, zotsatira za pa bolodi zimachedwa. Zizindikiro zimayamba kale. Werengani masekondi kuchokera pamene wosewera waima pa mpira mpaka pomenya, pa maenje oyamba ndi pa omaliza. Akasintha kwambiri, kaya kufulumira ngati Johnson kapena kuchedwa ngati Norman, madzi achita katondo. Onani ngati wasintha ndodo ataima kale. Onani ngati ma-putt ataliatali ayamba kuperewera mita yathunthu. Onaninso kumene akuloza. Pa dzenje la 12 la Augusta mbendera ya Lamlungu imakhala kumanja, komwe madzi ali pafupi ndipo mtunda woolotsa ndi wautali. Mu 2019, mwa osewera asanu ndi mmodzi omaliza, anayi analowa m'madzi: Brooks Koepka, Ian Poulter, Francesco Molinari ndi Tony Finau. Woods analoza pakati pa green, kutali ndi mbendera, anachita ma-putt awiri, n'kuchoka pamenepo atafanana ndi wotsogola.

Amene amati chinthenthe n'chobadwa nacho ayang'ane mwana wa kuno, Nick Price, wophunzira ku Prince Edward. Mu 1982 ku Royal Troon, ali ndi zaka 25, ankatsogola The Open ndi mashoti 3 kutatsala maenje 6. Bogey pa 13, double bogey pa 15, bogey pa 17, ndipo Tom Watson anatenga chikho ndi imodzi. Uko kunali kugwa kwenikweni. Mu 1988 ku Royal Lytham anayamba raundi yomaliza akutsogola ndi 2, n'kumenya 69 yoyera, koma Seve Ballesteros anamenya 65. Uko kunali kugonjetsedwa, ngakhale ambiri anakuwerengera pamodzi ndi koyamba kuja. Pakati pa zaka zimenezo Price anakonza kagwedezedwe ka ndodo ndi David Leadbetter, amenenso anakulira kuno, kuti kakhale kafupi, kachangu, kopanda ziwalo zambiri zoti zisokonekere mtima ukathamanga. Chikho choyamba chinabwera ali ndi zaka 35, PGA ya 1992 ku Bellerive.

Ku Turnberry mu 1994 zinthu zinatembenuka. Jesper Parnevik anafika pa dzenje lomaliza akutsogola, koma sanayang'ane bolodi, ndipo poganiza kuti akufunika birdie analondola mbendera, mpira n'kuperewera mu udzu, bogey. Par ikanamufikitsa mu playoff. Kumbuyo kwake Price anachita birdie pa 16, ndipo pa 17, par 5, analowetsa putt ya eagle ya mamita pafupifupi 15, n'kudumphira caddie wake Jeff Medlen. Pa 18 anaika mpira pa fairway, wachiwiri pakati pa green, ma-putt awiri, 66. Mwezi wotsatira ku Southern Hills anatenga PGA ndi mashoti 6 patsogolo pa Corey Pavin, n'kukwera kukhala nambala wani pa dziko lonse, zaka 12 chichitikireni za ku Troon.